Mkazi wa Nambala 417

Ambulasi yoyera ija inkaima pansi pa bulugamu pa Masambanjati, ya makatani a chitenje m'mawindo, sinali yonyamula odwala ayi. Inali nyumba ya a Malizani Namakhwa ndi akazi awo, a Anesi. Ikamalowa pamsika amayi ogulitsa nthochi ankakuwa kuti, "Odwala afika, patukani!" ndipo a Anesi ankatulutsa mutu pawindo n'kuwayankha kuti odwala ake ndi anjala.

A Malizani anabadwira m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi. Bambo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki, nathyola tiyi mpaka msana kupindika, n'kumwalira m'malayini momwemo. Mudzi analibe, munda analibe. Mwana wawoyu anayambanso ndi dengu kumsana, kenako anakwera thirakitala yotuta masamba kupita kufakitale, ndipo pamapeto anayendetsa ambulasi ya esiteti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Nambala yawo ya ntchito inali 417.

Tsono mumvetse, pa esiteti munthu ndi nambala. Kapitawo amaitana nambala, kudisipensale amafunsa nambala. Mkazi sankalembedwa paliponse. A Anesi ankangofika pawindo n'kunena kuti, "Ndine mkazi wa 417," basi mankhwala pamanja. Anachirira ana awiri, Leah ndi Elson, pa mawu amenewo. Anazulitsa dzino pa mawu omwewo. Zaka makumi atatu palibe anawafunsapo pepala.

Mu 2003 a Malizani anapuma pantchito. Anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi kalata yoti atuluke m'nyumba ya kampani mwezi usanathe. Wotchi ya pakhoma kwa munthu amene mwamulanda khoma, kaya ndiye ulemu wake umenewo! Leah anali atamwalira kale, Elson anapita ku Joni n'kungoti zii. Poti esiteti inkagulitsa ambulasi yakale ija, a Malizani anaigula ndi ndalama zopumira pantchito. Anachotsa machira, anayala matiresi, wotchi ija anaimangirira ndi waya kuseri kwa mpando. Anati azigula nthochi pa Masambanjati, kukagulitsa ku Bvumbwe, kubwerera ndi kabichi kudzera ku Luchenza, n'kumagona pomwe dzuwa lawalowera.

Sabata yotsanzika ija panabwera mayi wina wa kampani ya inshulansi ya zachipatala, dzina lake Betty. Anayala tebulo pakhonde la ofesi, opuma pantchito onse ali pamzere. Makadi anali awiri. Yobiriwira inkagwira pachipatala chimodzi chokha, chapafupi ndi kwanu. Yabuluu inali yodula, koma inkagwira pachipatala cholipira chilichonse m'dziko muno. Anzawo ambiri anangoseka n'kuchoka, ati za mabwana izi.

A Malizani sanaseke. Iwo anali atanyamula amayi ochuluka amene anatsirizikira pabenchi akudikira dokotala, ndipo ankazidziwa bwino nkhope za amuna awo. Anaganiza masiku atatu.

"Nyumba yathu ili ndi matayala," anawauza a Anesi. "Matenda akakupezerani ku Bvumbwe, kadi yobiriwira ingatithandize chiyani? Ine ndikufuna inu mayi a Leah mukadzadwala mudzagone pabedi la nsalu zoyera."

Anabwerera kwa Betty nasankha yabuluu.

"Pali wina woti timuwonjezere, bambo?" anafunsa Betty.

"Ana anakula, mwanangu."

Mzere unali wautali, Betty anadinda chidindo n'kuitana wotsatira. Za mkazi a Malizani sanaziganize n'komwe. Mkazi amalembetsedwa ngati njinga? Nambala ya mwamuna ikakhalapo, mkazi ali momwemo. Ndi mmene anakulira, ndi mmene anakalambira. Kadiyo anaikulunga m'pulasitiki, ndipo mwezi uliwonse ankalipira osaphonya, ngakhale mwezi umene nthochi zinawolera m'galimoto.

Zaka ziwiri zinayenda bwino, tisaname. Koma mu 2005 a Anesi anayamba kuonda. Ankataya magazi ngakhale anali atasiya kalekale kusamba, ndipo pansi pa mchombo panauma gwa. Anabisa miyezi ingapo, monga amachitira amayi athuwa, mpaka tsiku lina anagwa ndi mkoko wa nthochi pamutu. Kuchipatala cha boma anawapima n'kunena kuti m'chiberekero muli chotupa chofunika opaleshoni msanga, koma odikira ndi ambiri, abwerenso mvula ikatha.

A Malizani anachita kumwetulira potuluka. "Za mvulazo n'za anthu opanda kadi," anatero. M'mawa mwake anamanga tayi, anatsuka ambulasi, ulendo wa kuchipatala cholipira cha m'tauni.

Pawindo a Anesi ananena monga mwa masiku onse: "Ndine mkazi wa 417." A Malizani anapereka kadi ndi manja awiri. Kalaliki anayang'ana kadi, anayang'ana m'kompyuta.

"Pepani, bambo, kadiyi ndi yanu nokha. Dzina la mayi palibe."

"Dzina la chiyani? Awa ndi akazi anga. Tinamanga ukwati kutchalitchi ku Makwasa, mboni zilipo!"

"Sindikukana, bambo. Koma palibe."

Analankhula mpaka mawu kusasa, anatchula zaka zawo zantchito, anatchula mabwana amene anawanyamulapo. Kalaliki sanachite mwano, ankangobwereza mawu omwewo. Ku ofesi ya inshulansi anamupeza Betty yemwe uja. Anati mayi angathe kulembedwa lero lomwe, koma adikire chaka, ndipo matenda amene ali nawo kale kadi siidzawakhudza.

"Ndinakufunsani tsiku lija, bambo," anatero motsitsa mawu.

A Malizani anafuna kukalipa, koma akalipira ndani? Anakumbukira funso lija, anakumbukiranso yankho lawo. Anangotola chipewa n'kutuluka.

Anayesa kugulitsa ambulasi. Amakaniko anaizungulira, anagogoda apa ndi apo, n'kunena kuti ndi ya zitsulo basi, mtengo wake sungawafikitse mayi ngakhale pakhomo la opaleshoni. A Anesi anamva ali gone m'katimo.

"Abambo a Leah, mukagulitsa ndikafera kuti? M'ngalande?"

Nzeru yomaliza inali yopusa, ndipo eni ake ankadziwa. A Malizani anati alowe okha ndi kadi yawo, akafotokoze ululu wa a Anesi ngati wawo, mwina angapatsidwe mankhwala amphamvu. Anaimika ambulasi panja pa chipatala chija, anawafunsa akazi awo pomwe pakupweteka, n'kulowa akugwira pamimba.

Ee, anawalandira ngati bwana! Namwino anawavula nsapato, anawagoneka pabedi la nsalu zoyera zonunkhira sopo. Anawatenga magazi, anawaunika m'mimba ndi makina, kadi ikulipira zonse popanda funso. A Malizani anagona chagada akuyang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu. Namwino anayesa ndi ululu, nawasisita phewa.

Dokotala anabwera akuseka. "Madala, inu mulibe kanthu. Mtima wabwino, m'mimba mwabwino. Mudzatikwirira tonsefe." Anawalembera panado.

Atatsegula chitseko cha kumbuyo kwa ambulasi, anapeza a Anesi atadzipinda pamatiresi, milomo itauma. Munali kutentha ngati mu uvuni.

"Akuti bwanji?"

"Akuti ndilibe kanthu."

"Mulungu alemekezeke," anatero a Anesi, ndipo ananenadi kuchokera pansi pa mtima. "Nanga bedi lija munaliona? Nsalu zake n'zoyeradi?"

"N'zoyera, mayi a Leah."

"Basi, simunataye ndalama."

Anameza panado muwiri ndi madzi ofunda a m'chigubu, anatseka maso, n'kunena kuti, "Ndatopa, tiyeni tizipita kwathu."

A Malizani anakwera kutsogolo naliza injini. Anakhala chigwirire chiwongolero mpaka mlonda wa pageti anabwera kudzagogoda pawindo, kufunsa ngati madala asokera njira. Kwawo kunali m'galimoto momwemo, ndipo anali atafika kale.