Ufa Woyera M'phala la Binwell

Aliyense amene anadyapo nyama ya mbuzi pa Chipoka zaka zapitazi ankamudziwa Binwell. Chiwaya chake chinali pafupi ndi njanji, pansi pa malata akuda ndi utsi, ndipo mbuzi ankazinga yekha m'mawa uliwonse kuseri kwa shedi. Sankafuna womugwirira miyendo. Ankaipanikiza ndi bondo, n'kuipinda khosi, mpeni n'kudutsa kamodzi kokha. Magazi akamathovokera m'beseni, iye ankaimba mluzu.

Kwawo kunali kumtunda, kufupi ndi nkhalango ya Kuti, kumene anakula akuweta mbuzi za eni. Sukulu anaisiyira panjira atagulula mnzake mano pa mpira. Kunyanja anabwera ali mnyamata n'kuyamba kukoka makoka, koma sanakhalitse chifukwa anamenya mwini bwato ndi nkhafi. Chipsera chachikulu cha patsaya lake chinali cha botolo la m'bala, ndipo amene anamutema nalo anatuluka m'balamo atanyamulidwa. Anthu ankamuopa, komabe ankadzaza pachiwaya pake chifukwa nyama yake inali yofewa ndipo tsabola sankaumira.

Mkazi wake, Deliwe, anali wa ku Lifuwu, mayi wochepa thupi ndi wosayankhulayankhula. Anabereka naye mwana mmodzi, Pemphero, amene anakula n'kukwatiwa ku Salima. Deliwe anazolowera kudziwa mmene tsiku layendera pongomva mapazi a mwamuna wake akulowa pampanda.

Binwell ankadyera pantchito. Nthumbwana, chiwindi, mafuta a pachidale, tchipisi zotsala zonyowa ndi mafuta amene anawabwereza mpaka kuda, zonsezi zinkathera m'mimba mwake, fodya ali pakamwa. Mimba inatsogola, khosi linamira m'mapewa. Makasitomala ankati zinthu zikumuyendera.

Tsiku lina akupachika mbuzi pamtengo kuti aisende, anamva ngati wina wamuponda pachifuwa. Thukuta linatuluka lozizira, mpeni unagwa. Deliwe anamukweza minibasi kupita naye kuchipatala cha ku boma, kumene anamuyeza magazi. Dokotala, mayi wachikulire wovala magalasi, sanazungulire.

"Bambo, BP yanu yakwera, ndipo magazi anu ali ndi mafuta ambiri, amene timati kolesterolo. Mafutawa akumatirira m'mitsempha ngati matope otseka ngalande ya mpunga. Mukapitiriza chonchi, tsiku lina magazi adzalephera kufika kumtima kapena kuubongo."

Anamupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse. Anamuuza kuti asiye fodya ndi zonona, achepetse mchere, aziyenda, azidya nsomba zowiritsa kapena zootcha, nyemba, mgaiwa ndi masamba ambiri.

"Ndiye ndizidya masamba ngati mbuzi zimene ndimapha?" anafunsa Binwell.

"Mbuzizo sizibwera kuno ndi chifuwa chothina," anayankha dokotalayo, n'kuitana wodwala wina.

Mawa lake Deliwe anaphika utaka wowiritsa ndi tomato, wopanda mafuta, ndi bonongwe pambali. Binwell anavundukula mbale, anayang'ana, n'kuiponyera kukhoma. Msuzi unatsetsereka mpaka pansi. Kenako anamuwomba mbama imene inamugwetsera pachitseko.

"Ndine wodwala ine? Wandiona ndagona pamphasa?"

"Bambo a Pemphero, adokotala aja anati…"

"Kakwatiwe ndi adokotalawo!"

Mapiritsi sanawakhudze n'komwe. Ndiye Deliwe anayamba kuwasinja ndi supuni kuseri kwa khitchini, n'kumathira ufa wakewo m'phala limene mwamuna wake ankamwa asanapite kukazinga mbuzi. Ankawonjezera shuga kuti kuwawa kusamveke. Gladys, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, anamuona kudzera m'mipata ya mpanda. Sanamufunse chilichonse. Nkhaniyo anakaitula pamjigo, kuti Deliwe akuthira ufa woyera m'chakudya cha mwamuna wake.

Sipanapite nthawi yaitali Binwell anatafuna kachidutswa kosasinjika bwino. Anakalavulira padzanja, anakayang'anitsitsa, n'kudzuka. Anamukoka Deliwe ndi tsitsi kuchokera kukhitchini mpaka pakati pa bwalo, anamuponda m'nthiti mpaka anaulula pamene ankabisa. Mapiritsi onse anawakhuthulira pambaula, iye ataima pomwepo mpaka pepala lake litasungunuka.

"Ukadzayambiranso, ndidzakuzinga ngati mbuzi," anatero.

Deliwe sanayambirenso. Ndiwo anabwerera kuzikazinga monga kale, ndipo m'nyumbamo munakhala bata kwa miyezi ingapo.

Linali Loweruka masana, nyengo ya mwera, asodzi ambiri ali kumtunda chifukwa nyanja inali itakalipa. Msodzi wina woledzera anadzandira n'kugubuduza thireyi ya nyama yosaphika, yonse n'kugwera mumchenga. M'malo mopepesa anaseka. Binwell anamugwira pakhosi pa malaya n'kumumenya chibakera pamphuno, magazi n'kuwazikira patebulo. Anamumenyanso kachiwiri. Atakweza dzanja kachitatu, dzanjalo linangogwa lokha ngati chingwe chaduka. Pakamwa panapotokera kumbali. Anayesa kutukwana koma kunangotuluka dovu, kenako anagwera pachiwaya. Chiwayacho chinapendekeka, mafuta owira n'kumukhuthukira pamwendo. Sanakuwe. Anangogona pansi maso ali tong'o, khungu la mwendo likusupuka.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inali itafa, ndipo sankatha kuyankhula.

M'mawa mwake Deliwe anabwerera kunyumba kukatenga bulangete ndi ndowa. Anapeza pabwalo pali anthu. Lenard, mng'ono wake wa Binwell, anali atafika kuchokera kumudzi ndi abale ena, ndipo Gladys anali atawafotokozera kale zimene anaona.

"Alamu, mwafika?" anatero Deliwe akugwada.

"Musanditchule alamu. Munkathira chiyani m'phala la achimwene?"

"Anali mankhwala a kuchipatala. Iwo ankakana kumwa, ndiye ine…"

"Mankhwala a kuchipatala amamwetsa mobisa? Ali kuti? Tionetseni."

"Anawatentha okha."

Anthu anaseka kuseka koipa. Mayi wina anakuwa kuti munthu wamphamvu ngati uja sangagwe masanasana popanda dzanja la munthu. Lenard anatola munsi umene unali pafupi ndi mtondo. Deliwe anatchinga mutu ndi mkono, ndipo amene anali kumsewu anamva fupa likuthyoka. Atagwa, anayamba kumuponda. Wina anamugenda njerwa pachipumi. Ena analowa m'nyumba, anatulutsa zitenje zake, madiresi ndi yunifolomu ya kumvano, n'kuziyatsa pakati pa bwalo. Mnyamata wina anathamanga kukafuna petulo kwa a njinga zamoto.

Amene anamupulumutsa ndi Hashim, mwini maboti wa m'dera lomwelo, amene ankadutsa ndi antchito ake kuchokera kudooko. Anakankha anthu, n'kuima atatangadza pamwamba pa mayiyo.

"Wallahi, ndalumbira pali Mulungu, amene akufuna kumukhudzanso ayambe ndi ine," anatero. "Lenard, ponya pansi chimenecho."

Antchito ake anali atanyamula nkhafi, ndipo gulu lija linayamba kubwerera m'mbuyo. Anamunyamula Deliwe ali chikomokere n'kumukweza pagalimoto yonyamula nsomba.

Motero mwamuna ndi mkazi wake anagona m'chipatala chimodzi, wina kuwodi ya amuna, wina ya amayi, Pemphero akuthamanga uku ndi uku ndi mabeseni. Iye ndi amene anawauza bambo ake zimene zinachitika. Binwell anatsegula pakamwa, koma mawu anakana. Anayamba kumenya chitsulo cha bedi ndi dzanja lamanzere, kumenya, kumenya, mpaka zala zinachucha magazi ndipo anamwino anachita kumumanga dzanjalo ndi nsalu.

Mawu anabwerera pang'onopang'ono, olemera ngati a munthu woledzera. Mlandu wa Lenard utalowa m'khoti, Binwell anauza Pemphero kuti amutengere kumeneko. Analowa akukoka mwendo, atatsamira mwana wakeyo. Dokotala uja anali atafotokoza kale kuti m'thupi mwake simunapezeke poizoni aliyense, koma abale anali akung'ung'udzabe kumabenchi akumbuyo. Woweruza atamufunsa ngati akudziwa chimene mkazi wake ankathira m'phala, Binwell analimbana ndi lilime lake kwa kanthawi.

"Mapiritsi… anga," anatero. "A mafuta. Mkazi uyu… sanalakwe."

"Achimwene, akudyetsani mankhwala mpaka mukumuikira kumbuyo!" anakuwa Lenard ali m'kabokosi.

Binwell anamuponyera ndodo yake yoyendera. Inaphonya n'kumenya khoma, ndipo wapolisi anaitola osamubwezera mpaka mlandu unatha. Lenard ndi anzake awiri anapita kundende. Gladys anasamuka pa Chipoka mwezi womwewo.

Deliwe atatuluka m'chipatala sanabwererenso kunyumba ija. Anapita ku Lifuwu kwa mkulu wake, kumene anamugawira kachigawo ka munda wa mpunga. Mkono wake unapola mokhota, moti khasu amaligwira ndi dzanja limodzi, linalo n'kumangothandizira.

Binwell anagulitsa chiwaya n'kukakhala kwa Pemphero ku Salima. Masiku ano ndi bambo woonda, wa imvi, amene amayenda ndi ndodo m'mbali mwa msewu m'mawa uliwonse dzuwa lisanatenthe. Fodya anasiya. Mapiritsi amamwa yekha, ndipo tsiku lake la sikelo kuchipatala likafika amakhala woyamba pabenchi. Atamuyezanso magazi chaka chatha anamuuza kuti mafuta aja atsika, koma dzanja lamanja silinadzukenso. Ukali sunathe wonse. Batani la malaya likamukanika amatukwana mpaka ana a m'nyumba zoyandikana amathawa.

Anatumako ankhoswe ku Lifuwu kawiri, ndipo kawiri konse anabwerako chimanjamanja. Mpunga utayamba kucha anapita yekha. Anamupeza Deliwe kumunda akuingitsa mbalame. Mayiyo anamupatsa moni mwaulemu, anamuyalira chiguduli pamthunzi, n'kumumvetsera mpaka anamaliza zonse zimene anabwera nazo, ngakhale kuti zinatenga nthawi chifukwa cha lilime lija.

"Ndamva, bambo a Pemphero," anatero Deliwe. "Sindikusungirani mangawa. Koma kuno ndimagona tulo. Sindibwerera."

Binwell anayang'ana mpunga. Kenako anapempha madzi akumwa, ndipo Deliwe anamuthirira m'kapu ya pulasitiki n'kumugwirizira mpaka anamaliza.

Anamuperekeza mpaka pasiteji, akuyenda pang'onopang'ono kuti asamusiye m'mbuyo. Minibasi itafika, Deliwe anauza kondakitala kuti bambowa awapatse mpando wakutsogolo chifukwa mwendo wawo supindika. Galimoto isananyamuke n'komwe iye anali atatembenuka kale, akufulumira kubwerera kumunda, poti mbalame zinali zitateranso.