A Hamadi Akwatitsa Duwa

A Hamadi a ku Njuli anagwira ntchito ya m'munda wa maluwa kwa mzungu wina mpaka imvi zinamera. Mzunguyo pobwerera kwawo mu 1976 anawasiyira keni yothirira ndi duwa limodzi la mu mphika, lochokera kutsidya kwa nyanja. Duwa lake likamasula limakhala ndi kathumba kutsogolo, ndendende nsapato ya khanda. Mai Rabia, akazi awo, ankati m'nyumba muja alowa mkazi wachiwiri, poti duwalo linkamwa madzi amvula okha, iwo akumwa a pachitsime.

Vuto linali lakuti duwalo linkakalamba lopanda mwana. Njuchi za ku Chiradzulu zinkalizungulira, kulisuzumira m'kathumba muja, n'kubwerera zikupukusa mitu. Ena amati njuchi ina inakomoka kumene. A Hamadi ankadziwa kubereketsa ndi manja: umatenga kamtengo ka machesi, n'kutapa ufa wonanda umene umabisala m'mbali mwa duwa, n'kukapaka kunsi, kuseri kwa kathumba. Koma kutenga ufa pa duwa lomwelo ankakana. Ankati munthu sakwatira mlongo wake, ndipo iwo sangayambitse zimenezo pakhonde pawo.

Duwa lina lotero m'boma lonse linali la a Mateyo, wolima maluwa ku mishoni ina cha ku Magomero. Awiriwa sankalankhulana chikanganirane pa bawo, ndewu imene akuti inaimitsa basi ya ku Zomba kuti okwera aonere.

Chaka china duwa la a Hamadi linamasula limodzi lokha, masamba ayamba kale chikasu. Likafota lisanalandire ufa, basi, mtundu watha. Anavala chisoti chawo choyera, n'kupalasa njinga kupita kwa a Mateyo akutukwana chamumtima njira yonse.

A Mateyo anawamvetsera mpaka kumapeto, akusenda chinangwa. Kenako anafunsa kuti pamenepa mwamuna ndi uti, mkazi ndi uti. A Hamadi anavomera kuti lawolo ndiye lolandira.

"Ndiye achimwene, zinayamba liti kuti akuchikazi azibwera kudzapempha mwamuna? Mwana wanuyo wasowa chonchi?"

A Hamadi anapepesa za bawo zija, ngakhale mpaka lero amalumbira kuti wobera anali mnzawoyo. A Mateyo anawauza kuti abwerere akasese pabwalo, zinthu ziyende mwa dongosolo lake.

Loweruka a Mateyo anatulukira atavala jekete, mphika uli pakaliyala atauphimba ndi chitenje, tambala ali m'khwapa. Anaodira ngati alendo osadziwa nyumba, n'kunena kuti amva kuti pakhomo pano pali mbeta. Mai Rabia anaseka mpaka kukhala pansi, koma thadzi anatulutsa.

Pofika pa ntchito yeniyeni, manja a a Hamadi ankanjenjemera moti kamtengo kaja kankangovina m'malere. A Mateyo anawagwira dzanja, awiriwo n'kulifikitsa pamalo pake. Ufa unamata.

Duwa linafota, koma kumbuyo kwake kunatupa kachibereko kobiriwira. Patapita miyezi kanasweka, njere zake ngati fumbi, ndipo a Hamadi analetsa aliyense kuyetsemula m'mudzi monse. Anaziwaza mu mphika wa mayi wake momwemo. Zambiri zinangotayika, koma timbewu tingapo tinamera, tating'ono ngati zikhadabo za mbewa.

A Mateyo atamva anabwera ndi miphika yopanda kanthu kudzatenga gawo lawo. A Hamadi anawapatsa mpando ndi tiyi wothira shuga wambiri, n'kuwafunsa modekha:

"Asewere, kuno kwathu ana amakhala a ndani? Si a kuchikazi?"

A Mateyo anamaliza tiyi wawo, n'kunyamuka. Anabwerera ndi miphika yawo ikugogoda pakaliyala. Koma a Hamadi anawalola kudzaona adzukulu Loweruka lililonse, ndipo a Mateyo sanaphonyepo. Tiyi amene anamwa pakhonde paja akanadzaza damu.