Kalata Imene Inachotsa Woweruza Wachitatu

Zaka zimenezo ndinkachapa ndi kusita zovala m'nyumba ina yosamalira okalamba ku Wigston, kudziko la azungu, ine amene kwathu ndinaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi kusekondale mpaka imvi zinamera. Tinkakhala ku Evington ndi akazi anga, omwe ndi namwino.

M'chipinda cha kumapeto munali bambo ena ochokera kuchilumba chaching'ono cha m'nyanja yamchere. Boma lakale la kwawo linawalanda nyumba ya makolo awo iwo atathawira kuno, ndipo anali atalisumira kukhoti loona za malamulo aakulu a dziko. Ndikamapachika malaya awo, ankandifotokozera za khotilo.

"Aphunzitsi," ankatero, "khoti limeneli silizenga akuba nkhuku. Ntchito yake n'kuona ngati boma laphwanya ufulu wa nzika. Ndipo woweruza mmodzi sakwanira: pamafunika atatu."

Oweruza pachilumbapo anali ochepa. Ena anali atadzichotsa kale pamlanduwo chifukwa anatumikirapo boma lolanda lija. Otsala anali atatu ndendende. Tsiku lina bambowo anandiuza moseka kuti wachitatuyo anakwatira mdzukulu wa msuweni wa malemu akazi awo. Ndinasunga zimenezo mumtima ngati chuma.

Madokotala atanena kuti mtima wawo ukufooka, anafuna kulembera khoti kuti mlandu umvedwe msanga, iwo adakali moyo. Manja awo ankanjenjemera, maso anali atachita khungu. Ndinadzipereka kulemba.

Kwathu, ukamalembera munthu wamkulu, sulowa m'nkhani ngati mlendo wosaodira. Umayamba wanena kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo ngati pali chibale, umachitchula mwaulemu. Choncho m'ndime yoyamba ndinapereka moni kwa woweruza uja monga mkamwini wa m'banjamo.

Akazi anga anaiona kalatayo pathebulo akumanga nsapato kuti athamangire basi.

"Abambo, ndime iyi ichotseni. Jaji sauzidwa kuti ndi mkamwini."

"Amayi, zanu ndi majakisoni. Makalata ndinayamba kulemba inu musanadziwe kugwira pensulo."

"Chabwino, a Hedi. Koma zikavuta musadzati sindinanene."

Sindinachotse. Nditafuna kuwawerengera bambo aja, anakweza dzanja. "Ndikukhulupirirani, aphunzitsi." Anasaina pamene ndinaika chala.

Yankho la mlembi wa khoti linafika masamba atayamba kuyoyoka. Ndinawerenga ndili chiimire, dengu la zochapa lili pamapazi. Linati kalata iliyonse yofika kukhoti imaonetsedwa kwa loya wa boma; kuti loyayo anadandaula za chibalecho; ndipo kuti woweruzayo wadzichotsa pamlandu. Atsala awiri. Mlandu udikira kufikira atasankhidwa woweruza wina, kapena atabwerekedwa kudziko lina. Tsiku sanatchule.

Ndinaulula kwa bambo aja zimene ndinawonjezera m'kalata ija. Bambowo anasisita bulangete pamaondo.

"Pachilumba pathu tonse ndife abale, aphunzitsi," anatero. "Woweruzayo amadziwa, loya wa boma amadziwa. N'chifukwa chake sitizilemba. Zikalembedwa, palibe angaweruze mnzake."

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangondipempha kuti ndiziwasitira malaya awo oyera, amene anasungira tsiku lodzapereka umboni pakanema kuchokera m'chipinda chomwecho. Ndinkawasita Lolemba lililonse, ngakhale sanali kuvalidwa. Ndinalembanso makalata ena awiri, opanda moni, opanda chibale, owuma ngati chiphaso cha basi. Mayankho ake anali amodzimodzi: khoti silinakwane.

Akazi anga sanandikumbutsepo mawu awo aja ngakhale kamodzi. Ankangondifunsa pobwera kuntchito kuti, "Abambo aja adya lero?"

Bambo aja anamwalira chisanu chachiwiri chili pakati. Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku Loughborough kudzatenga katundu, ndipo anandiuza kuti chilumbacho sanachionepo, nyumbayo saidziwa, za mlandu alibe nazo mphamvu. Anandifunsa ngati pali chovala chabwino choti awaveke m'bokosi. Ndinapita kuchipinda chochapira n'kutenga malaya oyera aja, ndipo ndinawasitanso, kuyambira pakolala, ngakhale analibe khwinya.