Injini ya a Laison Inkazimira Pakati pa Bua

Aliyense amene anawolokapo mtsinje wa Bua kumadzulo kwa Kabudula m'nyengo ya dzinja akuwadziwa a Laison. Ndi aja aafupi, a phewa lopendekeka, amene sadziwa kukhala pansi. Boti likhale lomangirira bwinobwino, iwo amapitabe kukamasula chingwe, n'kuchimanganso, kenako n'kusuzumira m'madzi ngati muli china chimene anagwetsa dzulo.

Kwawo si kuno. Anachokera ku Phalombe, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, pa lole ija inkabwera kudzatenga matenanti. Analima fodya pa esiteti ina ya ku Nsaru zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka anakumana ndi mayi Faness, n'kukalowa chikamwini kumudzi wa m'mbali mwa Bua. Munda ndi wa akazi awo, dimba ndi la akazi awo. Chawochawo chimene anabwera nacho chinali chimodzi: kudziwa madzi. Ataona mmene anthu ankavutikira mtsinje ukasefukira m'dambo, mlatho uli kutali, anagula matabwa, anakhoma boti, nayamba kuwolotsa anthu, njinga, mbuzi ndi matumba a mtedza. Anapalasa ndi nkhafi zaka zisanu ndi zitatu.

Kenako phewa lamanja linakana. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti akapitiriza kupalasa, dzanjalo lidzalephera ndi kunyamula kapu yomwe. Padoko panali patabweranso mnyamata wamphamvu zake, Zakeyo, ndi bwato lake losema. A Laison anaona kuti njira zatsala ziwiri: kupeza injini, kapena kumusiyira Zakeyo doko, iwo n'kubwerera ku esiteti kukasoka fodya ndi imvi kumutu. Za ku esitetizo akangoziganiza ankadzuka pamene akhala n'kuyamba kuzungulira nyumba.

Mwayi unapezeka kwa Harrison, makaniko wa njinga zamoto ndi mapampu othiririra pa Nsaru. Iyeyu anali atagula mainjini awiri a boti kwa mwini esiteti ina amene anasiya zoweta nsomba padamu lake. Potengera mphamvu zake, ina ankaitcha eyiti, yaikulu, ya mwendo wautali. Inayo ankaitcha faifi, yaing'ono, yophukusuka penti, ya mwendo waufupi. Zonse zinkamwa petulo kuchokera m'chigubu chimodzi chofiira, kudzera pa paipi yokhala ndi kampira kofinya. Harrison anamiza mwendo wa iliyonse mu mgolo wa madzi, n'kuiliza kanthawi, zonse zinalira bwino. Anawauza a Laison kuti ayese mpaka Loweruka, asankhe imodzi. Akapanda kusankha, panali munthu wa ku Salima amene ankafuna zonse ziwiri.

A Laison anatenga eyiti. Mayi Faness anafunsa ngati boti la matabwa asanu ndi limodzi likufunikadi chinthu chachikulu chotero, iwo anayankha kuti injini iyenera kumveka mpaka tsidya, anthu azidziwa kuti boti likubwera. Anagula petulo, anasakaniza ndi oilo monga anawauzira Harrison, anadzaza chigubu mpaka pakamwa. Kenako anachita chimene munthu aliyense wa kuno amachita akamanyamula chigubu panjinga: anang'amba kajumbo, anakayala pakamwa, n'kutseka chitsekero mwamphamvu. Pamwamba pa chitsekerocho panali kasikuluwu kakang'ono kogwedera. Nako anakamanga kuti pasadonthe ngakhale dontho. Petulo wa masiku ano si wotaya.

Lolemba m'mawa padoko panadzaza ngati pali ukwati. Injini inalira atangokoka chingwe kachiwiri, boti linang'amba madzi, amayi anagwirana mapewa akuseka. A Laison anaima chilili kumbuyo, chifuwa patsogolo. Anadutsa dambo lonse, analowa mumtsinje weniweni, ndipo pakatikati injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete.

Anatsegula chigubu, anasuzumira, petulo analimo wambiri. Anabwezera kajumbo, anatseka. Anamasula pulagi, anaipukuta pa malaya, anaibwezera, anakoka chingwe, injini inalira. Mumtima anati vuto ndi pulagi basi. Pobwerera inazimanso cha pomwe paja. Anasuzumiranso m'chigubu, anapukutanso pulagi, inaliranso.

Lachiwiri anaika pulagi yatsopano. Inazima. Apo anayamba kukayikira petulo wa m'mabotolo amene anagula m'mbali mwa msewu, poti ena amati ogulitsa ena amathiramo parafini. Anamukhuthulira m'chigubu china, anapalasa njinga mpaka pa filing'i, anagula wina, n'kumusefa ndi duku la akazi awo latsopano, mayi Faness ali kudimba. Inazima. Mwendo wautali uja nawonso unkakhula mchenga polowa m'dambo, n'kumakola udzu, moti ankaima kawirikawiri kuti akolole.

Lachitatu anaibweza kwa Harrison atalusa. Harrison anamasula kabureta, anaitsuka, anaipemerera, anaimiza mu mgolo. Inalira mosalala ngati ikuwaseka. Makaniko uja anati mwina mtsinjewo ndi umene sukuwafuna, iwo sanaseke. Anasiya eyiti, anamangirira faifi pakaliyala, chigubu chofiira chomwe chija pamwamba, kajumbo kali m'malo mwake.

Lachinayi faifi inayamba bwino. Inali yopepuka, sinkakhula mchenga, ndipo boti silinkadzutsa mphuno ngati poyamba. A Laison anayamba kuikonda asanatuluke n'komwe m'dambo. Pakati pa mtsinje inatsokomola, n'kuzima.

Zakeyo ankadutsa ndi bwato lake, atakweza anthu anayi.

"Madala, ndikukokeni? Mtengo wake ndi wowolotsera mbuzi, poti inu simulemera."

Anthu a m'boti mwa a Laison anaseka nawo. Pofika madzulo a tsikulo dzina linali litamera: a Zimazima. Amayi ena anati iwo ali ndi ana, sangamakaime pakati pa madzi kudikira pulagi. Mzere unasamukira kwa Zakeyo. Mlamu wawo wina anawanong'oneza kuti mainjini awiri sangadwale matenda amodzi pamalo amodzi, pamenepo pali dzanja la munthu. A Laison anati iwo sakhulupirira zimenezo, komabe anapezeka akumuyang'ana Zakeyo nthawi yaitali. Kunyumba sanadye bwino. Anamasula paipi, anaipemerera, anaibwezera, anaimasulanso. Mayi Faness anawauza kuti akhale pansi, akuwachititsa chizungulire, komanso awauze kumene kwapita duku lawo.

Lachisanu kunali msika tsidya lina, ndipo mvula inali itagwa kumtunda. Madzi anali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala. Onse anakwera kwa Zakeyo kupatula mayi Edith, mayi wonenepa wogulitsa thobwa, amene anabwera ndi zigubu ziwiri zazikulu. Zakeyo anali atawakana, ati bwato limira.

"A Laison, sikuti ndakusankhani ayi," anatero mayi Edith akukhala pathabwa. "Mukandimiza, thobwali mukaliyankhira kwa amuna anga."

A Laison anadzaza chigubu, anayala kajumbo, anatseka. Anadutsa dambo khutu lili pa injini. Mawa linali Loweruka. Anayamba kuwerenga mabango amene ankadutsa ngati kuwerengako kungaithandize. Atafika pamkokomo, faifi inatsokomola kawiri.

Ulendo uno sanatsegule chigubu. Anali atasuzumiramo sabata yonse, ankadziwa kuti petulo alimo. Anapita pa pulagi, anapukuta, anakoka chingwe ndi dzanja lamanzere. Zii. Anakokanso, anakokanso. Kampira kofinya kaja kanali kataphwa, kosafufuma. Boti linatembenuka cham'mbali n'kuyamba kutsetsereka ndi madzi, doko la tsidya likutsalira kumtunda. Anagwira nkhafi, anapalasa katatu, phewa linabaya ngati alowetsamo msomali wamoto, nkhafi inagwera m'boti. Anaona esiteti m'maso mwawo, zigafa, fungo la fodya wonyowa, kapitawo wa msinkhu wa mwana wawo akuwaitana ndi dzina.

Mayi Edith anali atakumbatira zigubu zawo, koma maso anali pansi, pafupi ndi mapazi a a Laison.

"Kodi chigubu chanuchi chinabadwa chonchi? Chalowatu m'mimba ngati galu wa kumudzi kopanda madeya."

A Laison anayang'ana. M'mbali mwa chigubu munali mutabwanyukira m'kati. Anati mwina ndi dzuwa.

"Dzuwa limatupitsa, silifinya. Tatsegulani ndione."

Anatsegula kuti mayiwo angokhala chete. Chitsekero chitangomasuka panamveka kufwiii, chigubu n'kuphuka kuti phu, kubwerera m'malo mwake. Phokoso limeneli anali atalimva nthawi iliyonse imene ankatsegula chigubu kuyambira Lolemba, koma ankaliyesa mpweya wa petulo. Anatola kajumbo kuti abwezere.

"Iyayi, kameneko kasiyeni," anatero mayi Edith. "Ine zigubu ndagwira zaka makumi awiri. Thobwa likasasa limatupa, ndimamasula pang'ono kuti mpweya utuluke. Chanuchi injini ikuyamwa, ndiye mpweya ulowere pati? Mwachitseka pakamwa ndi pamphuno pomwe. Inuyo angakutsekeni chonchi mungagwire ntchito?"

"Petulo atayika, mayi."

"Atayike supuni imodzi, kapena titayike ife?"

Mabango a kumunsi anali akuyandikira. A Laison anaika kajumbo m'thumba, anatseka chitsekero chokha, n'kumasula kasikuluwu kaja kawiri. Anafinya kampira, kanafufuma, kanalimba. Anakoka chingwe. Faifi inalira.

Anawongola boti kulimbana ndi madzi, mutu uli pa chigubu, akudikira kutsokomola kuja. Anafika moyang'anana ndi doko, koma sanakhote. Anapitirira kumtunda. Mayi Edith anafunsa ngati msika wasamuka, iwo anati apirire pang'ono. Anakwera mpaka pa mkuyu waukulu, anatembenuka, anatsika, anakweranso. Injini sinasinthe mawu. Ulendo wachitatu mayi Edith anati akapanda kuwatsitsa, thobwa lonse agula okha, ndipo amwa pomwepo iwo akuona. Pamenepo ndi pamene a Laison anakocheza, nanyamula zigubu zija ndi dzanja lamanzere mpaka pamtunda, akuseka okha. Ndalama ya ulendo anakana.

Tsiku limenelo anawoloka kasanu ndi kawiri, maulendo awiri mwa amenewo boti lili lopanda munthu, kuti a pamzere wa Zakeyo aone. Pofika masana ena anayamba kusuntha mmodzimmodzi, oyamba anali a njinga ndi a matumba.

Loweruka anapita kwa Harrison wopanda injini pakaliyala. Anamufotokozera zonse, Harrison anagwira pakamwa, nati iye mu mgolo sankailiza nthawi yokwanira kuti chigubu chibanike. Kenako, poti ndi wamalonda, anati ndiye kuti eyiti ija inalibe mlandu, aitenge, ndi imene ili ndi ulemu. A Laison anaiyang'ana itatsamira khoma, yonyezimira. Anakumbukira mchenga wa m'dambo, udzu, ndi kulemera kwake poikweza panjinga ndi phewa limodzi. Anati wa ku Salima atenge, kumeneko madzi ndi akuya. Iwo atsala ndi yophukusuka ija.

Pano ndi dzinja lachiwiri faifi ili pa Bua. Zakeyo akadalipo, amatenga anthu opanda katundu, ndipo akakumana pakati amafunsabe ngati awakoke. Dzina la Zimazima silinachoke, ngakhale injini siizima. Mayi Faness anaguliridwa duku lina, koma amati lakale lija linali labwino kuposa ili.

Kajumbo sanakataye. M'mawa uliwonse pochoka kunyumba amakayalabe pakamwa pa chigubu, poti msewu wa kudoko ndi wa mabampu. Akafika amakachotsa n'kukamanga pa chogwirira cha injini, pamene aliyense angakaone. Anthu asanakwere amayang'ana kaye pamenepo. Kakapanda kuoneka, amaima pamtunda ndi katundu wawo n'kufunsa kuti, "A Zimazima, chigubu chikupuma?"

A Laison amawerama, n'kugwira kasikuluwu kaja, ngakhale akudziwa kuti anakamasula kale.