Maso a Amalume Narcisse

Amalume Narcisse anabadwira mu tenti, tsidya lija la nyanja ziwiri, kumudzi wakale kumene tsopano kwangotsala manda ndi nyumba zogumuka. Sukulu itamangidwa kuno anthu onse anasamuka, koma iwo mtima unatsalira komweko. Ntchito yawo yakhala yowolotsa anthu: nyengo yotentha pa bwato la injini, madzi akaundana pa sikidu, njinga yamoto yoyenda pa ayezi. Anamwino atsopano, aphunzitsi, azungu odzawedza, aliyense wotsika ndege amafunsa dzina lawo. Salankhula zambiri. Ukawafunsa njira amangoloza ndi mlomo monga timachitira tonse kuno, pakuti kuloza ndi chala n'chipongwe.

Akazi awo, mayi Elise, anagona kumudzi wakalewo. Chaka chilichonse nyanja isanaundane, amalume amapita kukapaka penti yoyera pa kampanda kozungulira manda awo.

Za maso a amalume ndinazidziwa ndekha, popeza ine ndimakonda kukhala phee n'kumayang'ana. Pothira tiyi anayamba kuika chala m'mphepete mwa kapu. Munthu akalowa, ankadikira alankhule kaye asanamutchule dzina. Sindinauze aliyense. Mwana wawo Bernadette, yemwe amagwira ntchito kutali, mumzinda waukulu wa Edmonton, anali atanena kale kuti bambo ake akadzayamba kufooka adzawatenga, ndipo amalume ankaopa zimenezo kuposa imfa.

"Kumeneko ndikafera pawindo ngati ntchentche," anandiuza tsiku lina.

Chaka chino Bernadette anabwera kuti akaone manda a mayi ake. Atangotsika ndege anandikoka tsaya.

"Iwe Monique, ukadali wosalankhula? Nanga mwamuna adzakufunsira kudzera mwa galu wako?"

Ndinangoseka, maso pansi.

Tinanyamuka m'mawa ndi chitini cha penti, nsomba zouma ndi ketulo. Titachoka pagombe amalume anazimitsa injini, tonse n'kuponya fodya pang'ono m'madzi, kupempha nyanja kuti itilole kudutsa. Nyanja yoyamba anaiwoloka bwinobwino. Mphepo ndi mafunde zimawauza njira. Ine ndinakhala kutsogolo, iwo kumbuyo pa injini, Bernadette pakati akujambula zilumba.

Pakati pa nyanja ziwirizo pali mpata wopapatiza. Chaka chino madzi anaphwera kwambiri, ndipo ndinaona mwala wakuda umene kale sunkaoneka uli pomwe bwato limadutsa. Ndinatembenuka n'kuloza ndi mlomo kumanzere. Amalume ankayang'ana kwa ine ndithu, koma dzanja silinasunthe. Ndinalozanso mwamphamvu mpaka khosi kuwawa. Apo m'pamene ndinazindikira kupusa kwanga: mlomo wangawo sankauona.

Mwana wamkazi sakuwira wamkulu pomuuza njira pa nyanja yake. Ndiponso ndikakuwa, Bernadette adziwa zonse. Koma madzi athu ndi ozizira kwambiri, munthu akagweramo satha kusambira n'kufika kumtunda.

"Amalume, mwala! Kumanzere!"

Anakhotetsa msanga. Bwato linakhula mwalawo ndi nthiti, gwede, n'kudutsa. Tinapitirira mpaka tinakocheza kumudzi wakale.

Kumanda amalume anagwada, dzanja lina likufufuza thabwa, lina likupaka. Bernadette anawagwirira chitini, akuyang'ana mmene penti inkadonthera pa udzu.

"Bambo, zinayamba liti?"

"Chaka chatha."

"Ine mukundiona?"

"Ndikuona chitsa chovala jekete yofiira."

"Chitsa! Ndachoka kutali konseko kudzatchedwa chitsa?" Anaseka, koma misozi ili mbwe. "Imeneyo ndi ng'ala, bambo. Madokotala amachotsa."

"Amene amakwera ndege ija ndi ndodo sabwerako. Amabwera m'bokosi."

"Inu mulibe ndodo. Ndipo ndikakusungani kumeneko, kampanda ka amayi adzapake ndani? Ine? Taonani, theka la penti lili pa nsapato zanga."

Amalume anamaliza thabwa lomaliza, n'kukoleza moto. Anaponyamo kachidutswa ka nsomba ndi fodya, kudyetsa amene anatsogola, ndipo analankhula motsitsa ndi akazi awo kwa nthawi ndithu. Ife tinapita kumadzi kukatsuka burashi kuti tisamve.

Pobwerera amalume anaima pafupi ndi bwato, n'kutembenukira kumene kunali ine.

"Iwe wa pakamwa potseguka lero, khala pa injini."

"Amalume, ine sindinayambe ndadutsa pa mpata uja."

"Nanga ine ndikhala kutsogolo kudzatani? Maso ako ndi abwino, uziyang'ana mlomo wanga. Mwala wako uja udziwa wekha."

Tinabwera choncho. Iwo ankamvetsera madzi, n'kumaloza zilumba zimene sankaziona, osaphonya n'chimodzi chomwe. Ine ndinangotsata mlomo wawo mpaka pagombe.

Amalume anakwera ndege limodzi ndi Bernadette sabata yomweyo. Kuno wamkulu akadziwa kuti sabwereranso, amagawa mfuti ndi maukonde ake asanapite, choncho anthu anabwera kudzatsanzika akuyang'ana mozemba pakhoma. Amalume sanagawe kanthu. Anangondiuza kuti ndikokere bwato kumtunda ayezi asanagwire, ndi kuti penti yotsalayo ndiisunge m'nyumba, kufupi ndi mbaula, isaundane.