Mlamu Wanga wa Zitseko Zosatseguka

Tsiku limene ndinamuona koyamba mlamu wanga, anali atakhala kunsonga kwa mpando pabalaza pathu, mawondo pamodzi, chipewa pamiyendo, ngati munthu wodikira jekeseni. Anabwera kudzaonekera kwa makolo pa nkhani ya mlongo wanga. Bambo anamufunsa za ntchito.

"Ndimapanga zitseko, bambo."

Bambo anamwetulira, poti chitseko cha kukhitchini kwathu chinali chitaguluka kalekale. Mnyamatayo anafotokoza mwaulemu kuti zitseko zakezo n'za mu gemu ya pakompyuta, ndipo zambiri sizitseguka n'komwe. Bambo anayang'ana mayi, mayi anayang'ana kudenga. Ukwati unachitikabe, pakuti mlongo wanga akafuna chinthu sankamva za munthu.

Kampani yawo inali pamwamba pa sitolo ya matayala: chipinda chimodzi chachitali, makompyuta m'mbali mwa khoma, ndi fani yomwe inkapukusa mutu tsiku lonse ngati ikukana zonse zonenedwa mmenemo. Gemuyo inali ya munthu woyendayenda mumzinda kufunafuna mng'ono wake wosowa. Antchito ena ankajambula magalimoto, ena zigawenga. Mlamu anapatsidwa zitseko za nyumba za m'mbali mwa msewu, zongokongoletsa.

Koma iye anali ndi kachizolowezi kake. Kuseri kwa chitseko chilichonse ankaikako chipinda chathunthu: mpando wothyoka mwendo, kapu yosatsuka, nsapato imodzi pansi pa bedi. Wosewera sakanaziona mpang'ono pomwe.

"Nanga mukuvutikiranji, alamu?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Nyumba yopanda m'kati ndi bodza, alamu. Ine sindinaleredwe choncho."

Bwana wawo anali munthu wa chikhulupiriro chachikulu. Gawo latsopano la gemuyo likamayandikira kutuluka, ankaitanitsa msonkhano n'kujambula pabolodi mzere wa malonda wokwera ngati utsi wa tsiku lopanda mphepo. Gawo loyamba linagulidwa ndi achibale. Lachiwiri linagulidwa ndi achibale omwe sanakhumudwe ndi loyamba. Bwana analamula kuti zipinda zobisikazo zileke, zikungodya nthawi. Mlamu anati, "Chabwino, bwana," n'kukapitiriza.

Pa gawo lachitatu osewera ena anatulukira ngodya ya khoma lina pomwe ukadumpha molakwika umagwera m'kati. Anapeza kapu, anapeza nsapato. Mbiri inawanda. Anthu anayamba kugula gemuyo kuti azikasuzumira m'nyumba za eni, ndipo mng'ono wosowa uja anasiyidwa asowe bwinobwino. Malonda anakwera koyamba. Pamsonkhano bwana anakumbutsa onse kuti amenewa anali masomphenya ake kuyambira pachiyambi.

"Tsogolo lathu ndi zitseko," anatero. "Gawo lachinayi chitseko chilichonse chizitseguka, ndipo tigulitsa kuchulukitsa kakhumi."

Mlamu, munthu amene sankakhulupirira ngakhale zanyengo za pawailesi, anakhulupirira. Anagula tayi. Analonjeza mkazi wake nyumba yosanja.

"Bambo a mwana," anatero mlongo wanga, "ingoyambani mwakonza chitseko cha kubafa kuno. Yosanjayo tidzaiona ikadzabwera."

Ntchito ya gawo lachinayilo inamudya thupi mlamu. Chipinda chilichonse ankafuna chikhale ndi mwini wake m'maganizo mwake: kuno kumagona mlonda wa chifuwa, uku kuli mayi amene ana ake sabwera kudzamuona. Anaonda, imvi zinatuluka, mwana wake wamkazi anayamba kumupatsa moni ngati mlendo. Ankadziwa kuti gawoli likagwa, agwa nalo ndi iye, poti tsopano dzina lake linali pakamwa pa bwana.

Gemuyo itatuluka, anthu anatsegula chitseko choyamba, chachiwiri, chachisanu, n'kuyasamula. Zimene ankathyolera khoma kuti azione, atapatsidwa ndi manja awiri anaziona kuti ndi makapu chabe. Komabe inagulidwa kuposa magawo onse a m'mbuyo. Kungoti sinafike pamene bwana analoza ndi choko, choncho inatchedwa yolephera. Msonkhano wotsatira unagamula kuti gawo lachisanu lidzachitikira m'chipululu, magalimoto othamanga okhaokha. M'chipululu mulibe zitseko. Mlamu anatsanzikidwa ndi mawu okoma ndi wotchi ya pakhoma, kuti aziona bwino nthawi imene tsopano anali nayo yambiri.

Sanadandaule pagulu. Anayamba kulemba zikwangwani za masitolo ndi malo ometera, ndipo eni ake ankangodabwa kuti n'chifukwa chiyani amapenta ndi kumbuyo komwe. Kampani ija inatha patapita zaka zochepa, chipululu chija chitaimeza. Pamwamba pa matayala panalowa osoka makatani.

Mlamu atakalamba, maso atayamba kuchita nkhungu, mlongo wanga anatituma awirife kukagula mababu. Pafupi ndi polipirira panali dengu la katundu wotsitsidwa mtengo. Mlamu anavundula ndi ndodo yake, ndipo pansi pa masilipasi ndi mabatire panatuluka timabokosi titatu ta gawo lachinayi la gemu ija, titachita fumbi. Anatipukuta ndi mkono wa jekete, n'kutitenga tonse, chonsecho kunyumba kunalibe makina oseweretsa.

"Mwanangu," anafunsa mtsikana wa pakauntala, "zikagulidwa chonchi zimalembedwa penapake eti?"

"Zimalowa m'makinamu, agogo."

"Zonse zitatu?"

"Zonse, agogo."

"Basi, abwana aja akaone okha kumeneko."

Anatuluka akuyenda mowongoka, ndodo ili m'khwapa. Nditafuna kumunyamulira jumbo anakana. Tinafika kunyumba, mlongo wanga anasuzumira m'jumbomo, anatiyang'ana nkhalamba ziwirife, n'kufunsa kuti mababu ali kuti.