Anganga Esinati Pakhonde la Sukulu

Ndikamva fungo la mlamba wowamba losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zosauma bwino, maganizo anga amathamangira kwa anganga Esinati, amene nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wathu m'mudzi wina kufupi ndi Makanjira. Ndimawaona atawerama pa uvuni wawo wadothi, maso ali psuu, akutembenuza nsomba pawaya ndi zala zimene zinaleka kalekale kumva kutentha, mafuta akudontha pamoto n'kumathetheka, amphaka a mudzi wonse atakhala chapatali poopa chikuni. Sanali agogo anga enieni. Ife tinali Asilamu, iwo anali Mkhristu wa kumishoni, koma ana tonse tinkawatcha anganga, monga timatchulira agogo m'Chiyao.

Sanali munthu wofatsa. Ndi mayi anga, Abiti Saidi, ankakangana pafupifupi sabata iliyonse, lero chifukwa mbuzi zathu zadya mpiru wawo, mawa chifukwa utsi wawo wanunkhitsa zovala zathu pachingwe. Ankalalatirana m'zilankhulo ziwiri, wina kuponya m'Chiyao, wina kubweza m'Chinyanja, ndipo palibe mawu amene ankagwa pansi. Komabe anganga akafuna kupha nkhuku, ngakhale tsiku limene akwiyitsana, ankaidutsitsa pamwamba pa mpanda kuti bambo anga aichinje mwa Chisilamu. "Ndikaipha ndekha, ana a pakhomo panu adya chiyani akabwera kuno?" ankatero, nkhope ili gwa.

Chaka chimene ndinalowa Sitandade 7 ndinali nditatha msinkhu, ndipo ndinayamba kuvala hijabu, mpango wofunda kumutu, monga anzanga a kumadrasa. Sukulu m'dera lathu inali imodzi yokha, ya mishoni, ndipo ahedi akale za mipango analibe nazo ntchito. Teremu yachiwiri kunabwera ahedi atsopano. Lolemba lina pa asembule analengeza kuti yunifolomu ndi yunifolomu, aliyense wofunda kumutu avule kapena abwerere kwawo. Atsikana ena anavula n'kupinda mipango yawo m'zikwama. Ine ndinagwira m'mphepete mwa wanga, koma manja anakana. Ndinabwerera kunyumba dzuwa lisanatenthe n'komwe.

Bambo anga, Che Jafali, anali msodzi wosalankhula zambiri. Anamvetsera nkhani yonse akusoka khoka lawo, kenako anati, "Mwana wanga sangavule kumutu kuti aphunzire kuwerenga. Akhale pakhomo. Madrasa imukwanira." Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. Pasanapite nthawi azakhali anga anayamba kubwera pafupipafupi, akunong'onezana ndi mayi za mnyamata wina amene anali atangobwera kuchokera ku Joni ndipo ankafuna mkazi asanabwerere. Ndinali nditaona kale mmene zoterezi zimathera kwa atsikana a m'mudzi mwathu.

M'mawa wina ndikuyanika usipa pathandala, anganga anasuzumira pampanda.

"Asiyatu, kodi sukulu yanu yagwa ndi mphepo?"

Ndinawafotokozera. Anaiwala za uvuni mpaka nsomba ina inayamba kununkha kupserera, chinthu chimene sichinkachitika kwa iwo. Ataichotsa anati, "Ndili ngati iwe ndinali ndi mnzanga dzina lake Amina. Nzeru zinali mwa iyeyo, osati mwa ine. Bambo ake anamuletsa sukulu poopa kuti akamubatiza. Ine ndinkalowa m'kalasi, iye n'kumandidikira pansi pa mtengo wa mango kuti ndikatuluka ndimulembere zilembo pamchenga. Ndinkayesa zimenezo zinapita ndi azungu."

Madzulo a tsiku lomwelo anaimirira pampanda n'kuitana bambo.

"Che Jafali, mawa mundibwereke mwanayu. Ndipita naye kusukulu."

"Mukamuvula?"

"Ndine yani ine kuti ndivule mwana wa eni ake? Apita momwe alilimu, abwerera momwemonso."

Bambo anamanga mfundo zingapo pakhoka asanayankhe. "Mpaka mwezi uno uthe," anatero. "Akapanda kulowa, nkhani ya sukulu isadzamvekenso pakhomo pano."

Kutacha anganga anatulukira atavala zovala zawo za amayi a kutchalitchi, ndi mpango woyera womangidwa bwino kumutu, zimene ankavala Lamlungu ndi pamaliro pokha. Tinayenda njira yonse ya mumchenga, iwo patsogolo, ine pambuyo, anthu akutiyang'ana. Ahedi anatilandira mwaulemu ndipo anapatsa anganga mpando. Sanali munthu wankhanza monga ndinkaganizira. Ankaoneka wotopa.

"Mayi, ine sindidana ndi ana awa," anatero ahedi. "Yunifolomu ilipo kuti mwana wa wolemera ndi wa wosauka asasiyane. Komanso sukuluyi ili ndi eni ake, sindingasinthe lamulo pandekha. Dzulo kunabwera anyamata a kumzikiti kudzandiopseza kuti akhoma zitseko zonse. Ndikagonjera zoopseza, mawa adzabwera ndi zina."

"Ndamva," anayankha anganga. "Inu akuluakulu kanganani mpaka mumvane, ineyo kukangana sindikuona ngati tchimo. Koma pamene mukukanganapo masamu sakumudikira mwanayu. Mwati asalowe m'kalasi. Nanga pakhonde?"

Ahedi anapukuta kumaso ndi dzanja. "Pakhonde sindinaletsepo munthu."

Ndi mmene tinayambira kukhala pakhonde la Sitandade 7, pansi pa windo, anganga atatambasula miyendo pasimenti, ine kope lili pamaondo. Tsiku loyamba ndinkalakalaka nthaka itandimeza. Anyamata ankasuzumira n'kumaseka, ndipo zimene zinkaphunzitsidwa ndinkangozimva mwapatalipatali. Koma aphunzitsi athu, Madamu Gondwe, mayi wochokera ku mpoto amene Chiyao ankachidziwa cha moni chokha, anabwera n'kutsegula windo lonse. Kuyambira pamenepo ankaphunzitsa ataima chakuwindoko, ankalemba zilembo zikuluzikulu pabolodi, ndipo akafunsa funso ankayang'ananso panja. Nthawi yochonga ikakwana ankatulutsa dzanja n'kulandira kope langa pamodzi ndi ena onse.

Atsikana ena amene anabwezedwa atamva zimenezi anayamba kubwera mmodzimmodzi, mpaka khonde linadzaza. Anganga ankatisunga ngati nkhuku yofungatira. Wina akayamba macheza ankamugwira khutu, ndipo nthawi zina ankayankha okha mafunso a Madamu mokweza, n'kulakwitsa, kalasi yonse n'kufa nazo ziseko.

Sikuti onse zinawasangalatsa. Amayi ena a kutchalitchi ankawafunsa ngati alowa Chisilamu, ndipo kumzikiti ena ankanena kuti Che Jafali apereka mwana kwa Akhristu. Bambo ankabwera kunyumba nkhope itagwa. Chinanso, m'mawa ndiye nthawi imene asodzi ankabweretsa nsomba, ndipo za anganga zikanaola. Tsiku lina pobwerera tinaona utsi ukufuka kuseri kwa nyumba yawo. Anali mayi anga, atamanga chitenje kukamwa, akutembenuza milamba pa uvuni. Awiriwo anayang'anana, palibe anathokoza, palibe anafotokoza. Mawa lake mayi anapitanso.

Mwezi uli pafupi kutha, anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo waukulu wa pasukulu. Kunabwera abambo ansembe, ashehe, a komiti ya sukulu ndi makolo a mbali zonse. Ife ana anatithamangitsa, choncho ndinakhala kunyumba ndikusenda chinangwa, khutu lili kunjira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mawu anakwera kangapo, ndipo amuna ena anaimirira kufuna kuchoka. Akuti Madamu Gondwe anapempha kulankhula, n'kunena kuti iwo za malamulo a mipingo sazidziwa, koma akudziwa kuti ana amene amawaphunzitsa kudzera pawindo ndi ana awo chimodzimodzi ndi a m'katiwo, ndipo mvula ikayamba khondelo limadontha. Akutinso ashehe anadzudzula anyamata oopseza aja pamaso pa anthu onse, ndipo ansembe atamva zimenezo anafewa. Anganga nawo analipo. Akuti anangokhala pamphasa ya amayi, pakati pa mayi anga ndi azakhali aja.

Bambo anafika dzuwa likupendeka. Anatsuka mapazi, anakhala pakhonde, kenako anauza mayi kuti, "Agwirizana kuti wofuna kufunda afunde, koma nsalu ikhale yofanana ndi yunifolomu, yamtundu umodzi kwa onse. Mumupezere nsalu ya buluu." Atatero anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe, poti walimbana nazo chonchi, usadzandibweretsere zolephera."

Ndinapita kuseri kwa khitchini, ndinakhala pansi n'kulira mpaka chifuwa chinapepuka. Za mnyamata wa ku Joni sizinamvekenso.

Lolemba lotsatira anganga anandiperekezabe, atavala zovala zawo zantchito. Titafika pakhomo la kalasi anandikankha pamsana. "Lowa. Ndipo ukawauze mayi ako kuti nsomba zanga ankazipsereza."

M'kalasimo ana ankangoyang'anana ngati sakudziwana. Madamu Gondwe sanatsegule buku. Anatiuza kuti aliyense aimirire asonyeze mmene amaperekera moni kwa akulu kwawo. Ine ndinagwada n'kunena m'Chiyao kuti, "Ajimwiche uli?" Mnyamata wa kumishoni anapereka wa Chinyanja cha kunyanja, mwana wa wapolisi wa Chilomwe, ndipo Madamu anapereka wa Chitumbuka, tonse n'kuyesera kubwereza malilime akutipindika. Pamene belu linkalira tinali tikuseka pamodzi, ndipo palibe amene ankayang'ananso mutu wa mnzake.

Anganga anamwalira ndili ku koleji ya uphunzitsi. Manda awo anakumba nawo bambo anga, ndipo mayi anakhala m'tchalitchi mpaka mwambo wonse unatha, koyamba ndi komaliza m'moyo wawo.

Lero ndimaphunzitsa pasukulu ina ya m'tauni ya Mangochi. Teremu yathayi kunabwera kamnyamata ka tsitsi lalitali lopotana, kochokera m'banja la Chirasta, katagwira dzanja la bambo ake. Mu ofesi munayambika mtsutso, ena akuti ayambe wameta, ena akuti tifunse kaye akuluakulu a maphunziro. Mwanayo anali ataima pakhomo akuyang'ana nsapato zake. Ine sindinalowerere mtsutsowo. Ndinamufunsa dzina, ndinamugwira dzanja, ndinapita naye m'kalasi mwanga n'kuuza ana awiri a kutsogolo kuti asendere. Pamene akuluakulu ankamaliza kumvana, iye anali atalemba kale theka la tsamba.